Kodi samurai mmodzi, Sakamoto Ryoma, ndi amene anagwetsadi ulamuliro wa shogun ku Japan?

Funso: Ndinamva kuti ku Japan kunali samurai wina dzina lake Sakamoto Ryoma amene anathetsa ulamuliro wa asilikali womwe unakhala zaka mazanamazana. Zoona zimenezi? Munthu mmodzi angagwetse bwanji boma? Komanso bwanji samurai agwetse dongosolo lomwe linkamudyetsa iye yemweyo?

Yankho: Achimwene, ndiyambe ndi kukuuzani mosabisa kuti ayi, Ryoma sanagwetse boma yekha, ndipo gulu lalikulu la nkhondo sanatsogolerepo olo tsiku limodzi. Koma musathamangire kunena kuti nde ndi nthano chabe. Ntchito yake inali yokhazika pansi anthu omwe sankafuna ngakhale kuonana, ndipo pa nthawi imeneyo ku Japan anthu olimba mtima ogwira lupanga analipo ambirimbiri, omwe ankasowa ndi anthu oti mbali ziwiri zodana zonse ziwakhulupirire. Ine ndimaona kuti apa mpamene pagona ulemu wake.

Kuti mumvetse, dziwani kaye mmene dziko linalili. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, mfumu yaikulu ya Japan inkakhala ku Kyoto ndi ulemu wonse koma mphamvu zenizeni zinali kwa mkulu wa asilikali, shogun. Banja lomaliza kugwira udindowu ndi la Tokugawa. Tokugawa Ieyasu anapambana nkhondo ya Sekigahara mu 1600, nakhala shogun mu 1603, likulu lake ku Edo, komwe lero ndi Tokyo. Dziko linali logawidwa m'zigawo zoposa 250, chilichonse ndi bwana wake wotchedwa daimyo, asilikali ake, msonkho wake wa mpunga. Ma daimyo aja ankakakamizidwa kukhala chaka china ku Edo chaka china kwawo, akazi ndi ana awo nkumatsala ku Edo ngati chikole, ndipo maulendo amenewa ankadya ndalama zambiri mwakuti zoukira zinkavuta. Samurai, omwe anali asilikali obadwira a ma daimyo ndi a shogun, ankalandira malipiro owerengedwa mu mpunga malinga ndi banja lomwe wabadwira, osati nzeru kapena khama lake. Poti kunali mtendere zaka zoposa 200, ambiri anasanduka makalaliki onyamula malupanga, ndipo a pansi ambiri anali mu ngongole kwa amalonda omwe pa malamulo anali otsika kuposa iwo.

Ryoma anabadwa mu Januwale 1836 ku Kochi, m'chigawo cha Tosa pa chilumba cha Shikoku. Ku Tosa tsankho pakati pa samurai apamwamba ndi apansi linali lonyanya, chifukwa banja la Yamauchi lomwe linapatsidwa chigawochi itatha nkhondo ya Sekigahara linabwera ndi anthu ake, nde eni nthaka akale anakankhidwira pansi. Banja la Ryoma linali la gulu lapansilo, ndipo mizu yake inali ya amalonda olemera a mtauni omwe anachita kupeza udindo wa usamurai. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa munthuyu anakula akudziwa zinthu ziwiri: kunyozedwa chifukwa cha kobadwira, komanso kuwerenga ndalama. Mayi ake anamwalira iye ali mwana, amene anamulera kwambiri ndi mchemwali wake Otome, ndipo makalata omwe ankamulembera Otomeyo alipo mpaka lero, ndi amene amatithandiza kumva mmene ankaganizira.

Mu 1853 anapita ku Edo kukaphunzira lupanga pa sukulu ya Chiba Sadakichi, ndipo chaka chomwecho mu Julayi Matthew Perry wa ku America anafika ku Uraga ndi sitima zankhondo 4 kudzanena kuti tsegulani madoko. Boma la shogun linaona kuti mizinga yoti libwezere ilibe. Mu 1854 linasayina pangano la Kanagawa, ndipo mu 1858 nduna yaikulu Ii Naosuke inasayina pangano la zamalonda popanda chilolezo cha mfumu yaikulu. Mapanganowa anali owawa: mzungu akalakwa ku Japan ankaweruzidwa ndi kazembe wa kwawo, ndipo Japan sinkatha kudziikira yokha msonkho wa katundu wolowa. Nde taganizani, boma lomwe limadya msonkho wa anthu m'dzina loti ndife asilikali oteteza dziko, lalephera kuteteza dziko. Anyamata a usamurai anapsa mtima, mfuu yawo inali yoti lemekezani mfumu, thamangitsani alendo. Ii Naosuke uja anamanga ndi kupha omutsutsa ambiri, nayenso anaphedwa pa chipata cha Sakurada mu 1860.

Ryoma poyamba anali mgulu lomweli. Mu 1861 analowa chipani cha Takechi Hanpeita cha okonda mfumu ku Tosa. Koma mu 1862 anachita chinthu chomwe kwa ine ndi chiyambi cha zonse: anathawa m'chigawo chake popanda chilolezo, nakhala ronin, samurai wopanda bwana. Unali mlandu waukulu umenewu, ukanatha kupweteketsa abale ake, malipiro panalibe, chitetezo panalibe. Koma kuyambira pamenepo sankayankhulanso m'dzina la daimyo aliyense, ndipo pambuyo pake nchimene chinamupatsa mpata wolowa m'nyumba za adani awiri onse nkumumvera.

Chakumapeto kwa 1862 anakumana ndi Katsu Kaishu, mkulu wa za sitima zankhondo m'boma la shogun lomwelo, munthu amene mu 1860 anawoloka nyanja pa sitima ya Kanrin Maru mpaka ku San Francisco. Katsu atakalamba ankakonda kufotokoza kuti Ryoma anabwera kudzamupha kenako nkutembenuka mtima atamva mfundo zake, koma akatswiri ambiri amakayika chifukwa zikuoneka kuti anabwera ndi kalata yomudziwitsa yochokera kwa Matsudaira Shungaku, mmodzi wa akuluakulu a boma. Kaya zinali bwanji tsikulo, chomwe tikudziwa nchoti anakhala wophunzira wake, ndipo Katsu anamutsegula maso kuti kudula mzungu mmodzi pamsewu sikuthandiza kanthu, chofunika ndi sitima, mafakitale, malonda, komanso dziko limodzi osati zigawo 250 zokokanakokana. Anathandiza kukhazikitsa sukulu ya za panyanja ku Kobe. Mu kalata ya 1863 yopita kwa Otome analemba kuti akufuna kulichapanso dziko la Japan, atakwiya kumva kuti akuluakulu a boma akulola sitima za alendo zomwe zinawombana ndi Choshu kukonzedwa kufupi ndi Edo.

Tsopano apa mpamene pali mtima wa nkhani. Zigawo ziwiri zomwe zinali ndi mphamvu zoti nkulimbana ndi shogun zinali Satsuma, kumwera kwa Kyushu, ndi Choshu, kumadzulo kwa Honshu. Zonse zinalawa mizinga ya azungu, Satsuma ku Kagoshima mu 1863 atawomberedwa ndi Britain, Choshu ku Shimonoseki mu 1864 atamenyedwa ndi Britain, France, Netherlands ndi America pamodzi, nde zonse zinadziwa kuti kuthamangitsa alendo ndi lupanga ndi maloto. Koma zinkadana koopsa. Mu 1863 Satsuma anagwirizana ndi Aizu, chigawo chokhulupirika kwa shogun, nkuthamangitsa Choshu ku nyumba ya mfumu ku Kyoto, mu 1864 Choshu atabwerera ndi asilikali anamenyedwa pa zipata za nyumba ya mfumu ndipo amene ankatsogolera asilikali a Satsuma anali Saigo Takamori. Atsogoleri achinyamata a Choshu anafa, chigawo chonse chinatchedwa mdani wa mfumu, ndipo boma linaletsa kuti asagulitsidwe zida. Udani umenewu unali phindu kwa shogun, bola awiriwa akudana iye ankagona tulo.

Sukulu ya ku Kobe itatsekedwa, Ryoma ndi anzake anatengedwa ndi Satsuma, ndipo mu 1865 anayambitsa kagulu ka zamalonda ndi za sitima ku Nagasaki kotchedwa Kameyama Shachu. Iye ndi mnzake wa ku Tosa, Nakaoka Shintaro, anayamba kuyenda uku ndi uku kunyengerera. Ulendo woyamba unakanika moyipa, Kido Takayoshi wa ku Choshu anadikira Saigo ku Shimonoseki, Saigo osabwera, anadutsa molunjika ku Kyoto, Kido nkukwiya kuti mwaona, anthu awa ndi achinyengo. Apa mpamene nzeru za mwana wa amalonda zinagwira ntchito. Mmalo mokakamira kuti akhululukirane, anati tiyeni tiyambe ndi dilu. Choshu akufuna mfuti koma saloledwa kugula, Satsuma amaloledwa, nde zida zigulidwe m'dzina la Satsuma kwa Thomas Glover, wamalonda wa ku Scotland amene ankakhala ku Nagasaki, ndalama alipire Choshu. Ito Hirobumi ndi Inoue Kaoru a ku Choshu anapita ku Nagasaki, ndipo mfuti pafupifupi 7,300 ndi sitima ya Union zinapezeka mwanjira imeneyi, anyamata a Kameyama Shachu nkukhala pakati pa ntchitoyo. Choshu nayenso analonjeza mpunga wa asilikali a Satsuma. Munthu amene waika dzina lake pachiswe kuti iwe upeze mfuti, umayamba kumuona mwina ngakhale anakuphera m'bale.

Kumayambiriro kwa 1866, Kido anapita ku Kyoto mobisa kukakumana ndi Saigo ndi Komatsu Tatewaki, nduna ya ku Satsuma. Malinga ndi zomwe Kido anafotokoza pambuyo pake, anakhala masiku angapo akungodyetsedwa zakudya zabwino, palibe amene ankayambitsa nkhani, Choshu ankaona kuti kuyamba iye ndi kupempha chifundo, Satsuma nayenso akudikira kuti apemphedwe. Ryoma atafika anapeza Kido akufuna kubwerera kwawo, nde anapita kwa Saigo kukamuuza kuti inu amene muli pabwino ndi amene muyambe. Mu Malichi pa kalendala yathu ino anagwirizana mfundo 6. Dziwani kuti sizinali zoti mawa tikugwetsa shogun ayi, kwenikweni zinali zoti nkhondo ikabuka pakati pa boma ndi Choshu, Satsuma atumiza asilikali ku Kyoto ndi Osaka, ndipo ayesetsa kuti mfumu ichotse dzina loipa pa Choshu. Koma panalibe pepala losayinirana, zinali zapakamwa. Kido pobwerera mtima sunali m'malo, analemba mfundo zonse mkalata nkutumiza kwa Ryoma kuti atsimikize, ndipo Ryoma analemba kuseri kwa kalatayo ndi inki yofiira kuti zonsezi ndi zoona, ndinalipo. Kalata imeneyi ilipo mpaka lero. Taonani achimwene, nduna ya chigawo chachikulu ikufuna umboni wa munthu wopanda udindo, wothawa kwawo. Anali ngati nkhoswe pa ukwati wa mabanja odana, amene zinthu zikasokonekera onse amathamangira kwa iye kuti munalipo inu, tinagwirizana chani.

Patangopita masiku awiri apolisi a boma anamuzinga usiku pa nyumba ya alendo ya Teradaya ku Fushimi. Oryo, mtsikana wa panyumbapo amene anadzakhala mkazi wake, anawaona ali kubafa nkuthamanga kukamuchenjeza. Ryoma anadziteteza ndi pisito yomwe anapatsidwa ndi Takasugi Shinsaku wa ku Choshu, anatemedwa m'manja koma anathawa, a Satsuma nkumubisa.

Chilimwe cha 1866 boma linatumiza asilikali ambiri kukalanga Choshu. Satsuma anakana kupereka asilikali. Choshu ndi mfuti zatsopano zija, komanso magulu ngati Kiheitai momwe munali alimi ndi anthu wamba, anagonjetsa ankhondo a shogun, ena mwa iwo atavalabe zida zamakedzana. Shogun Iemochi anamwalira ku Osaka nkhondo ili mkati ali ndi zaka 20, ndipo dziko lonse linaona kuti boma silingathe kugonjetsa chigawo chimodzi. Kumayambiriro kwa 1867 Tokugawa Yoshinobu anakhala shogun, mfumu Komei anamwalira, mwana wake wa zaka 14, amene timamudziwa kuti Meiji, nkulowa ufumu.

Gawo lachiwiri la ntchito yake ndi limene limandigwira mtima kwambiri. Saigo, Okubo Toshimichi wa ku Satsuma ndi Iwakura Tomomi wa ku bwalo la mfumu anali atayamba kukonzekera zogwetsa boma ndi nkhondo. Ryoma ankaopa nkhondo yapachiweniweni yaitali, poti France anali kumbali ya shogun ndipo Britain ankakondera Satsuma, nde dziko likanatha kugawidwa ndi alendo. Mu 1867 anakhala pansi ku Nagasaki ndi Goto Shojiro, nduna ya ku Tosa, munthu amene anali nawo pa mlandu womwe unachititsa kuti Takechi, mtsogoleri wake wakale, alamulidwe kudzipha mu 1865. Anzake ena ngakhale Otome sanasangalale nazo. Koma Ryoma ankadziwa kuti mawu a ronin safika kwa shogun, mawu a daimyo ndi amene amafika. Tosa inamukhululukira mlandu wothawa, kampani yake inasintha nkukhala Kaientai, ndipo iye ndi Goto anakonza pulani yoti shogun abweze yekha ulamuliro kwa mfumu, pakhale nyumba ziwiri za malamulo, maudindo aziperekedwa potengera luso, mapangano ndi alendo akonzedwenso, palembedwe malamulo atsopano a dziko, pakhale asilikali apanyanja amphamvu, komanso mtengo wa golide ndi siliva ufanane ndi wakunja. Mudzamva kuti mfundo 8 zimenezi anazilemba ali pa sitima mu Juni 1867, koma pepala la pa sitimalo silinapezekepo ndipo akatswiri ena amati nkhaniyo inakometsedwa pambuyo pake. Lomwe lilipo ndi lolemba ndi dzanja lake chakumapeto kwa chaka chomwecho, la mfundo zofanana. Maganizowo sanali ake yekha, anawatola kwa Katsu, Okubo Ichio, Yokoi Shonan ndi ena, luso lake linali kuwanyamula kuchoka m'zipinda za anthu ophunzira nkuwafikitsa kwa oti angawagwiritse ntchito.

Goto anapita nazo kwa Yamauchi Yodo, mkulu wa Tosa, Yodo analembera boma, ndipo pa 9 Novembala 1867 Yoshinobu anabweza ulamuliro kwa mfumu atalengeza kaye kwa nthumwi za zigawo ku nyumba ya Nijo ku Kyoto. Osaganiza kuti anangochita mwachifundo, anawerengera kuti bwalo la mfumu lilibe luso loyendetsa dziko, nde iye ndi minda yake yambiri adzakhalabe wamkulu mu khonsolo yatsopano. Masiku omwewo Satsuma ndi Choshu anali atalandira mobisa lamulo la m'dzina la mfumu loti amumenye, nde kutula kwake pansi kunawalanda chifukwa choyambira nkhondo.

Patangotha mwezi, pa 10 Disembala 1867, Ryoma anaphedwa ku Kyoto m'chipinda chapamwamba cha Omiya, shopu ya soya sosi komwe ankabisala, ali ndi zaka 31. Nakaoka anali naye, anavulazidwa nkumwalira patapita masiku awiri. Poyamba anthu ankaloza gulu la apolisi a boma lotchedwa Shinsengumi, koma mu 1870 Imai Nobuo anavomera kuti anali a Mimawarigumi, gulu lina la apolisi a boma, ndipo akatswiri ambiri amatsatira zimenezi.

Njira yamtendere ija sinakhalitse iye atapita. Pa 3 Januwale 1868 Satsuma ndi anzake anagwira zipata za nyumba ya mfumu, kulengeza kuti udindo wa shogun watha, nkulamula Yoshinobu kuti apereke minda yake. Kumapeto kwa mwezi womwewo nkhondo inabuka ku Toba ndi Fushimi, asilikali a Tokugawa pafupifupi 15,000 anagonja kwa pafupifupi 5,000. Mzinda wa Edo unapulumuka chifukwa Katsu ndi Saigo anakambirana nkuupereka popanda kumenyana, koma Aizu inaphwanyidwa koopsa ndipo nkhondo inatha mu 1869 ku Hakodate. Ryoma akanakhala moyo akanaletsa? Ine ndikukayika, Saigo ndi Okubo Toshimichi anali atatsimikiza kale ndipo iwo ndi amene anali ndi asilikali. Komanso Ryoma yemweyo mu 1867 anapititsa mfuti ku Tosa kuti zikavuta akhale okonzeka, sanali munthu wokana nkhondo zivute zitani.

Pa funso lanu lomaliza, loti bwanji samurai aphe dongosolo lomudyetsa. Kwa anthu ngati Ryoma, Ito kapena Okubo Toshimichi, dongosololi silinkawadyetsa mokwanira, linkawatsekera chitseko. Ambiri mwa omwe anatsogolera kusinthaku anali a magulu apansi ndi apakati, anthu aluso olamulidwa ndi anthu obadwa bwino. Komanso anaona zomwe Britain anachita ku China pa nkhondo ya Opium ndipo ankadziwa kuti dziko logawikana lidzadyedwa. Koma si onse amene ankadziwa kuti zidzafika pati. Usamurai weniweni unathetsedwa Ryoma atafa kale: mu 1871 zigawo zinathetsedwa nkukhala maboma oyendetsedwa kuchokera ku Tokyo, mu 1873 usilikali unatsegukira mwana wa mlimi aliyense, mu 1876 kuyenda ndi lupanga kunaletsedwa ndipo malipiro a mpunga aja anasinthidwa nkukhala mapepala a ngongole ya boma. Ambiri anasauka, ena anaukira, ndipo Saigo yemwe uja anafa mu Seputembala 1877 ku Kagoshima akutsogolera samurai olimbana ndi boma lomwe anathandiza kumanga.

Nanga bwanji dzina la Ryoma limamveka kuposa ena? Atangofa sanali wotchuka chonchi. Anthu a ku Tosa omwe ankamenyera nyumba ya malamulo m'zaka za m'ma 1880 anamukweza ngati kholo la maganizo awo, mu 1904 nkhondo ndi Russia itayandikira kunafala nkhani yoti mkazi wa mfumu anamulota akulonjeza kuteteza asilikali apanyanja, kenako nthano yaitali ya Shiba Ryotaro yomwe inkatuluka m'nyuzipepala kuyambira 1962 mpaka 1966 inamanga chithunzi chomwe a Japan ambiri ali nacho lero. Bwalo la ndege la ku Kochi linapatsidwa dzina lake mu 2003. Zimandiwawa kuti Nakaoka, amene anayenda maulendo omwewo nkufa naye limodzi, komanso Komatsu amene anatsegula zitseko za Satsuma, satchulidwa kawirikawiri.

Mukafuna kuona dzanja lake m'zomwe zinatsatira, yang'anani anthu omwe anadutsa pafupi naye. Yuri Kimimasa, amene Ryoma anapita kukamuona ku Fukui masabata ochepa asanaphedwe kuti adzagwire za chuma m'boma latsopano, ndi amene analemba koyamba lumbiro la mfundo 5 la mfumu la mu 1868 lolonjeza kuti nkhani za dziko zizikambidwa poyera. Iwasaki Yataro, amene ankayang'anira ndalama za Tosa ku Nagasaki kuphatikizapo za Kaientai, anadzayambitsa Mitsubishi. Ndipo Mutsu Munemitsu, mnyamata wa mu Kaientai, atakhala nduna ya zakunja anakwanitsa pangano ndi Britain mu 1894 lomwe linathetsa zoti alendo aziweruzidwa ndi akazembe awo, linayamba kugwira ntchito mu 1899, pomwe ufulu wodziikira msonkho Japan inaupeza wonse mu 1911.